Wotsala Kumbuyo kwa Landirova

Ndinalota lili Loweruka, tsiku limene a Mtambalika, eni malo ogona alendo ku Dedza, ananena kuti adzabwera kudzagula Landirova ya malemu amuna anga.

Galimotoyo ndi ya 1974. Amuna anga anaigula mu 2009 ku esiteti ina ya fodya ku Kasungu, nkhuku zikuikira mazira pansi pa chiwongolero. Anaiphwasula yonse n'kuimanganso okha, ndipo anamaliza kuipaka penti wobiriwira mu Julaye 2021. Mu Febuluwale 2022 anamwalira. Ulendo wautali woyamba umene inayenda unali wonyamula bokosi lawo kuchoka kuno ku Area 25 kupita kwawo ku Ntchisi. Zimenezi si za m'maloto, zinachitikadi.

M'malotomo a Mtambalika anafika dzuwa lili pamutu, atavala suti yakuda koma opanda nsapato. Anatsegula boneti, anasuzumira pansi, anagogoda matayala. Kenako anatsegula chitseko chakumbuyo. Anavula chipewa, n'kuchitsekanso pang'onopang'ono.

"Mayi, galimoto ndaikonda," anatero. "Koma tinagwirizana galimoto yokha. Za bambo amene akhala kumbuyowa simunandiuze."

Ndinatsegula. Amuna anga anali pa benchi yakumanzere, atavala ovolosi yawo yabuluu, manja ali pamawondo.

"Bambo a Mwayi, mukutani muno?"

"Ndikudikira kuuzidwa."

"Kuuzidwa chiyani?"

"Tsiku lija amalume anaigwira bwino ntchito. Pa mtsinje uliwonse ankagogoda bokosi n'kundiuza kuti tikuwoloka. Koma titafika kumudzi nyimbo zinachuluka, adzukulu anathamangira bokosi, aliyense n'kutsika. Ine palibe anandiuza kuti tafika."

"Ndiye mwakhala muno nthawi yonseyi?"

"Mabenchiwa ndinakonza ndekha. Sapweteka."

Apo ndinamvetsa chifukwa chake ndinali nditasiya kukhala pakhonde, n'kumakasankhira nyemba m'galaja, nditatsamira tayala lakumbuyo.

"Ndikaitane amalume?" ndinafunsa.

"Amalume si eni galimoto. Makiyi ali ndi inu, Nankhoma."

A Mtambalika anati akadikira kutsogolo, ndipo anachoka.

Chibadwire sindinayendetsepo galimoto, koma ndinakhala pa chiwongolero n'kuiliza. Chitseko cha galaja chinatseguka chokha. Panja panalibe bwalo, panalibe mpanda. Panali mtsinje wa Lumbadzi, wodzaza, madzi ake ofiira, wopanda mlatho.

"Dinani kachitsulo ka mutu wachikasu kuti matayala onse anayi akoke," anatero amuna anga kumbuyoko. "Pakavuta mukoke kofiirako. Musathamange."

Ndinachita monga ananenera. Matayala akutsogolo atakhudza madzi, injini inazima. Landirova inalankhula ndi mawu otsika, ochokera pansi pa mapazi anga.

"Mwawauza?"

Ndinatembenuka n'kugogoda benchi. "Bambo a Mwayi, pano ndi pa Lumbadzi. Tikuwoloka."

"Ndamva."

Injini inalira, tinalowa. Madzi anafika m'mawindo koma m'katimo simunalowe dontho. Kutsidya kunalibe msewu, kunali mtsinje wina, kuseri kwake winanso. Midzi, misika ndi minda zinali zitachotsedwa, panatsala mitsinje yokha, yoyalidwa ngati mizere ya m'munda. Uliwonse ndinkautchula dzina, iwo n'kuyankha kuti amva.

Pakati pa mitsinje tinkacheza. Ndinawauza kuti denga la kukhitchini likudontha.

"Ndi lata la pakona. Mwayi asapake phula, asinthe lata. Mwana ameneyo amakonda zachidule ngati akuchimuna kwanu."

"Akuchimuna kwanga akulakwirani chiyani, mpaka kumanda?"

"Kumandako sindinafike."

Ndinaseka pang'ono. Kenako ndinaona kuti phazi langa likuchepetsa liwiro lokha.

Mtsinje womaliza unali kakhwawa ka kumudzi kwawo, kopanda dzina, koti mwana akhoza kukadumpha. Kutsidya kwake kunali msitu wa manda. Ndinaima, injini ndinaisiya ikulira.

"Nanga ndikapanda kuigulitsa?" ndinafunsa, maso ali kutsogolo. "Tikhoza kubwerera. Palibe angadziwe."

"Mukabwerera ndikhala. Sindikana."

"Ndiye tibwerere."

"Koma amayi anga ali mumsitumo, malo anga anasesa kale. Ndipo inu, Nankhoma, mudzakalambira m'galaja."

"Ndiko kusankha kwanga."

"Ndi kwanu ndithu. N'chifukwa chake ndikudikira."

Madzi a kakhwawako anasiya kuyenda, tsamba la msuku linaima pamwamba pake osasuntha. Ndinadziwa kuti palibe chimene chidzasunthe kufikira nditalankhula, ndipo ndinakhala choncho nthawi yaitali.

Kenako ndinagogoda benchi, ndinawauza kuti tikuwoloka, n'kuwoloka. Ndinazimitsa injini, ndinatsika, n'kukatsegula chitseko chakumbuyo. Ndinagwada monga tichitira popereka madzi osamba m'manja.

"Bambo a Mwayi, tafika kwanu ku Ntchisi. Tsikani."

"Zikomo. Mwayendetsa bwino."

Anatsika. Kumbuyo kwa galimoto kunakwera m'mwamba, masipuling'i akulira, monga zichitikira akatsitsa matumba a chimanga. Iwo anapukuta kafumbi pa nyali yakumbuyo ndi mkono wa ovolosi, n'kulowa mumsitu osacheuka.

Ndinabwerera pa chiwongolero kuti nditembenuze galimoto. Manja anga sanadziwe pogwira. Ndinayang'ana zitsulo zitatu za magiya ndi zopondera zitatu pansi, ndipo palibe chimodzi chimene ndinachizindikira.

A Mtambalika anali ataima pawindo, chipewa chili m'manja.

"Atsika, mayi?"

"Atsika."

"Ndiye sunthirani uko, ndikakutuleni kwanu."

Ndinawapatsa makiyi, ndinasunthira pa mpando wa wokwera, ndipo ndinadzuka kutacha.