Munthu Woyera pa Bedishiti ya Amayi

Galaja ya kwathu ilibe galimoto. Galimotoyo inagulitsidwa ndili wamng'ono, n'kutisiyira banga la oilo pansi ndi fungo lake. Mbali ya kuwindo ndi yanga. Kuli tebulo lomwe ndinakhoma ndekha, macheka, misomali m'zitini, ndi tinyumba ta mbalame tomwe ndimapanga ndi zidutswa za matabwa. Palibe anandiphunzitsa. Ndinaonera pa foni, zotsalazo ndinaphunzira ndi zala zangazi, zomwe hamala inazipatsa moni chimodzichimodzi. Mbali ya kuchitseko ndi ya achimwene anga, omwe pakhomo pano timawatchula kuti Injiniya chifukwa tsiku lina anamenya fani yakufa ndi chibakera, iyo n'kuyamba kuzungulira. Kumbali kwawoko zinthu zomasulidwa ndi mbwee, koma chomangidwanso palibe.

Aliyense wa ife anali ndi kiyi wake, ndipo kiyi wina ankakhala m'thumba la bambo. Lamulo analiika ndi bambo omwewo, tsiku limene Injiniya anaponda penti n'kudinda mapazi mpaka pabalaza.

"Amene adzadetsenso chinthu cha m'nyumba muno ndi penti, kiyi adzabweza," anatero. "Za galaja adzaiwale."

Mapazi anali a Injiniya, koma polankhulapo bambo ankayang'ana ine. Ndi mmene zimakhalira ukakhala chitsirizira: mlandu ukasowa mwini umabwera kudzagona kwa iwe.

Burashi inali itanditopetsa. Inkasiya mizere pamadenga a tinyumba tanga, nthawi zina ndi ubweya wake womwe. Ndinapempha mashini opopera penti mpaka bambo anagonja, koma anati mashiniwo akhala a tonse awiri. Atamva zimenezo, Injiniya, munthu amene sanapentepo ngakhale supuni, anavala jekete kuti akathandize kusankha.

Wogulitsa m'sitolo ya zipangizo anali mayi wovala ovolo, pensulo ili m'tsitsi. Anatiyang'ana tonse atatu, makamaka bambo ndi chipewa chawo chachikulu chija chimene savula ngakhale podya.

"Mukufuna kupenta chiyani?"

"Tinyumba ta mbalame," ndinayankha.

"Chilichonse," anandidula Injiniya. "Mageti, magalimoto, mathanki a madzi."

"Muli ndi thanki?"

"Tikhoza kudzakhala nayo."

Mayiyo sanaseke. Anatenga chitini chopopera n'kuchigwedeza. Anati chimenecho n'chosavuta, koma sichichedwa kutha, komanso chala chimachita dzanzi. Kenako anatulutsa kamfuti kamagetsi kokhala ndi kakapu ka penti kunsi kwake. Kameneko, anati, mpweya wake ndi wofatsa, penti amapita pomwe waloza, ndipo ukatha ntchito umakatsuka ngati kapu ya tiyi. Mtima wanga unagwera pomwepo.

"Nanga icho?" Injiniya analoza pakona.

Pakonapo panali kompuresa yofiira, yamatayala ake, payipi itazinga ngati njoka.

"Imeneyo ndi ya anthu opopera magalimoto," anatero mayiyo. "Imapenta chimene mwaloza, chimene simunaloze, ndi cha aneba."

"Tailizani," anatero Injiniya.

Atailiza, misomali inayamba kuvina m'mashelefu. Ndinaona nkhope ya bambo ikusintha. Anayandikira, anaika dzanja pathanki lake, n'kumwetulira ngati awaonetsa mdzukulu.

"Ikumveka ngati ndege," anatero.

"Bambo, kanyumba ka mbalame n'kongofanana ndi buledi," ndinakuwa kuti andimve. "Chinthu chimenechi chikauluza mpaka mumtengo mbalame zisanapemphe."

"Tsabola, usatenthe. Mkulu wako akuona patali," anandiyankha bambo.

"Wopenta ndine. Iwowa amangomasula zinthu."

"Ndiye tivote," anatero Injiniya, dzanja lili kale m'mwamba. La bambo linatsatira. Chilungamo cha kwathu chimathera pamenepo.

Tikutuluka, mayi uja anandikoka malaya. "Ikakukanikani mudzabwere nayo, tidzasinthana. Zimenezi zimadziwa njira yobwerera kuno."

Ndinaiyesapo kamodzi kokha. Nditangodina popopera ndi chala, kanyumba kanachoka patebulo, kanakamenya khoma, denga n'kugwera m'bokosi la Injiniya. Ndinabwerera ku burashi yanga ndipo kompuresayo sindinkaipatsanso moni.

Loweruka lina ndinapita kukapereka kanyumba kwa azakhali. Pobwerako masana ndinapeza bwalo la milandu litakhala kale pabalaza. Amayi anali atapinda manja. Patebulo panali bedishiti yawo yoyera ija, ya alendo okhaokha, itapindidwa, koma yobiriwira ngati kapinga. Injiniya ankawerenga malata a denga, manja ali m'matumba. Bambo anali kuseri kwa nyuzipepala, atavala chipewa cha ubweya mpaka m'makutu, kunja kukutentha koti n'kuphika dzira pamwala.

"Ndinaichapa m'mawa n'kuiyanika kuseri," anayamba amayi, mawu ali pansi, zomwe zimaopsa kuposa kukuwa. "Pobwera kumsika ndapeza chingwe chokha. Ndafufuza nyumba yonse. Ukudziwa kumene ndaipeza?"

"Ayi, amayi."

"Pansi pa tebulo lako."

"Ndipo penti wobiriwira pakhomo pano ali ndi mwini wake," anawonjezera Injiniya, akuyang'anabe kudenga.

Penti analidi wanga, yemwe ndimapaka madenga a tinyumba. Tebulo linali langa. Koma ine ndinali nditakhala m'mawa wonse ndikumva za bondo la azakhali.

"Amayi, funsani azakhali. Ine kunalibe."

"Mwina unapopera usananyamuke," anatero bambo, osatsitsa nyuzipepala. "Sitikukuda, mwanawe. Aliyense amalakwitsa. Koma lamulo ndi lamulo. Kiyi."

Anatambasula dzanja pambali pa nyuzipepalayo. Ndinagwira kiyi wanga m'thumba mpaka anandilasa m'chikhatho. M'galaja muja ndi mokhamo mmene ndimatseka chitseko popanda wina kundituma. Kubweza kiyi kunali kubwerera kukasenda mbatata moyo wanga wonse.

"Ndibweza," ndinatero. "Koma ndione kaye chimene ndawononga. Tiitambasule."

"Palibe chifukwa," anayankha bambo msangamsanga. "Ungowawitsa mtima wa amayi ako."

"Mtima wanga wawawa kale," anatero amayi. "Tiyeni kuseri."

Kunena zoona, sindinkadziwa chimene ndikufuna. Ndinkangofuna kuti mlandu usathe msanga. Ine ndi amayi tinaiponya bedishiti ija pachingwe, tinaikoka m'makona, n'kubwerera m'mbuyo.

Sinali yobiriwira yonse. Pakati pake panatsala munthu woyera mbee, ataima cham'mbali. Anali ndi chipewa chachikulu. Manja anali atatambasula kutsogolo, atanyamula mpando miyendo ili m'mwamba. Ndipo pakati pa chifuwa ndi miyendo panali mimba, yozungulira bwino, yosabisika, yoti mwana wa sukulu akhoza kuphunzirapo kujambula mwezi.

Tonse tinamuyang'anitsitsa munthuyo.

"Mizukwa ya masiku ano," anatero Injiniya motsitsa.

"Mzukwa umenewu ukudya bwino," anayankha amayi. "Wina ankapopera mpando, wina ataugwira, ataima kutsogolo kwa nsalu yanga. Tsabola, ima apo."

Ndinaima cham'mbali, manja kutsogolo. Mutu wanga unalekeza paphewa la munthu woyerayo.

"Choka. Injiniya."

Achimwene anaima monyinyirika. Kutalika kunali komweko, koma iwo ndi owonda ngati mpini wa tsache. M'malo otsala pamimbapo mukanalowa munthu wina ndi katundu wake.

"Si iwe wogwira mpando. Koma tulutsa manja m'matumbamo."

Zikhadabo zonse zinali zobiriwira.

"Wopopera tamupeza," anatero amayi. Kenako anatembenuka pang'onopang'ono. "Abambo ake ana."

Bambo anali ataima pakhomo la kukhitchini, akuoneka ngati akumbukira kuti ali ndi ulendo.

"Ine ndili ndi chimfine, mayi. Mphepo ya kunjayi si yabwino."

"Tabwerani mudzangoima. Kuti ana aone kuti chilungamo chilibe tsankho."

Anabwera. Anaima cham'mbali, anatambasula manja, kenako anakoka mpweya n'kumeza mimba yonse. Sindinkadziwa kuti angathe zimenezo. Lamba analendewera. Pakati pa iwo ndi mzere wa penti panatsala mpata ndithu.

"Mwaona?" anatero ndi mawu opyapyala.

"Taona," anatero amayi. "Ingoimani choncho. Tsabola, azakhali ako ali bwanji?"

"Bondo, amayi."

"Liti? Lakumanja lija?"

"Lasamukira kumanzere."

"Tafotokoza bwino. Usathamange."

Ndinafotokoza bwino. Ndinayambira pa chaka chimene bondolo linayamba. Nkhope ya bambo inatupa, maso anatuluka, miyendo inayamba kunjenjemera. Ndisanafike pa mankhwala opaka, mpweya unaphulika, mimba inabwerera kwawo, n'kukhala ndendende mumzere uja ngati chivindikiro pa poto wake.

Amayi anayandikira n'kuvula chipewa cha ubweya chija. Khutu lakumanzere linali lobiriwira, kunja ndi mkati momwe.

Apo nkhani inatuluka yonse, aliyense akukankhira mnzake. Ankafuna kudabwitsa amayi powapentera mpando wawo wachitsulo wa pakhonde. Injiniya anati m'galaja mukhala fungo, bola panja. Bambo anati agwira mpandowo m'mwamba kuti miyendo ipentedwe bwino. Penti wotsegula kale anali wanga yekha. Injiniya atangodina popopera ndi chala, dziko lonse linasanduka nkhungu yobiriwira, ndipo pamene ankafufuza pozimitsira, zonse zinali zitatha. Bedishiti anaipinda mothamanga osaiyang'ana. Chipewa chachikulu chija anachibisa m'thumba la makala. Mpando unali kuseri kwa galaja, wobiriwira mbali imodzi, ngati mwini khutu.

"Nanga pansi pa tebulo langa inafikapo bwanji?" ndinafunsa.

"Kumbali kwanga kulibe malo," anatero Injiniya.

Ndinatola chidebe kuti ndiwagende nacho. Amayi anandilanda.

"Chabwino, chabwino," anatero bambo, akusisita khutu. "Zaululika. Tonse ndife banja limodzi, tiyeni tikhululukirane, nkhani ithe."

"Ayi," ndinatero. Ndinatambasula dzanja monga mmene iwo anachitira pabalaza. "Sitikukudani, bambo. Aliyense amalakwitsa. Koma lamulo ndi lamulo. Makiyi."

"Iwe, lamulolo linali la ana."

"Ndiye lero mwalowa m'gulu la ana," anatero amayi. "Perekani. Nawenso Injiniya."

Makiyi awiri anagwera m'chikhatho changa, akadali ofunda.

Kompuresa inabwerera kwawo Lolemba. Anaikoka ndi Injiniya, matayala akulira msewu wonse, bambo akukankha kumbuyo, ine ndikutsogolera. Mayi wa ovolo uja atationa sanafunse kuti yavuta chiyani.

"Yapenta ndani?" anangotero.

Bambo anatembenuza mutu kuti abise khutu, koma anatembenuzira mbali yolakwika. Mayiyo anagwedeza mutu, anapita kushelefu n'kunditsitsira kamfuti kanga.

Tsopano madenga a tinyumba tanga ndi osalala ngati galasi. Injiniya akafuna sipanala amagogoda, ndipo ndimayamba ndamaliza chimene ndikuchita. Bedishiti ija amayi anandipatsa. Ndinaikhomera kukhoma kuseri kwa tebulo kuti izigwira penti wouluka.

Bambo amabwera nthawi zina kudzaima pakhomo, chipewa chija chili kumutu, chobiriwira mbali imodzi, chikununkha makala. Amamuyang'ana munthu woyerayo kwa nthawi yaitali.

"Mphepo inali itakoka nsaluyo," amatero. "Mimba yanga siyofika pamenepo."

"Lowani mudzaime, tione."

Salowa. Dzulo anandipempha kuti ndikamapopera ndizilozako pang'ono cha pamenepo, kuti pachepe. Ndinawauza kuti kamfuti kanga kamapenta chokhacho chimene ndaloza, ndipo pamimbapo sindilozapo.