Waya Pansi pa Phazi

Chaka cha 1998 ofesi ya bungwe lina la zaulimi pa boma la Chadiza inalandira makompyuta atatu. Awiri anali m'nyumba yaikulu, imodzi m'kanyumba ka kuseri, koma makina osindikizira anali amodzi okha. Kunabwera katswiri wa ku Lusaka wa tayi wofiira, nalumikiza zonsezo ndi waya mmodzi wakuda, kuti kompyuta iliyonse izitumiza ntchito kumakinawo. Anachenjeza kuti wayayo akangoduka pamalo amodzi, zonse zaima. Ndiye pakati pa nyumba ziwirizo anangopalasa dothi pang'ono, kukwirira waya wakeyo, n'kuthamangira minibasi ya ku Chipata. Nzeru za m'tauni zimenezo!

Mlonda wa pamalopo, Agostino, anali ku maliro ku Mlolo sabata imeneyo, ndipo palibe anakumbuka kumuuza. Munthuyu sankalola nthaka kugona. Mvula yoyamba itagwa anaona kuti kabwalo ka pakati pa nyumbazo kangabereke mtedza, ndipo m'mamawa mabwana asanafike anayamba kuunda mizere.

Khasu linakola kanthu. Atakoka, m'dothi munatuluka waya wakuda, wong'ambika, mkuwa ukunyezimira mkati. Mbali ina inalowa pansi pa phazi lake lamanzere.

Agostino anauma thupi. Kwawo ku Chifunde, m'Mozambiki, nthawi ya nkhondo, waya wa m'dothi ankatanthauza bomba lokwirira basi. Mkulu wake Francisco anafera m'munda mwake momwe, khasu lili m'manja. Anthu ankati bombalo limadikira kuti woliponda anyamule phazi, choncho iye sananyamule.

Ebelesi, mlembi wa paofesipo, atafika anayatsa makompyuta, koma iliyonse inali payokhapayokha ngati anthu okwiyirana. Anasuzumira kuseri kwa tebulo, kugwedeza mawaya, osaphula kanthu. Potulukira kuseri kwa nyumba anaona mlondayo ali chilili, thukuta lili kamukamu.

"Kalanga ine, a Agostino! Mwadula waya wa makompyuta!"

"Imani pomwepo, mayi! Musaponde kuno!"

"Bwanji kodi?"

"Bomba. Ndaliponda."

Fanwell, dalaivala wa bungwelo, anayamba kuseka, koma atamuyang'ana Agostino kumaso kuseka kunathera m'khosi. Ebelesi anafotokoza zonse mofatsa: za katswiri uja, za makina osindikizira, za pamene wayayo watulukira pakhoma. Analoza ndi chala pamene walowera m'kanyumba kena.

Agostino anamva. Anamvetsa ndithu, sanali wopusa. Mutu unavomera, koma mwendo unakana. Anauuza kuti unyamuke, iwo uli nji. Zinali zomvetsa chisoni, bambo wamkulu wa imvi zake kulira ndi manyazi pamaso pa anthu a msinkhu wa ana ake.

"Ndikuonetseni," anatero Fanwell, nagwira wayayo kukhoma, nakoka. Agostino atamva kanthu kakuyenda pansi pa chidendene anakuwa mpaka amayi a pamsika anatembenuka. Fanwell anataya wayayo, manja n'kuika kumutu.

Ebelesi anaponda mizereyo, nafika pafupi, namugwira dzanja. "Tiyeni, bambo, tichokere limodzi."

Agostino anayesa. Phazi silinasunthe. Dzuwa linali litakwera, ndipo iye analiyang'ana, kenako anayang'ana kugeti.

"Mayi," ananong'ona, "akazi anga, a Felicia, nthawi ino amandibweretsera mbatata. Tumani munthu akawaimitse kumsewu. Asalowe muno."