Mkono wamanzere wa amayi

Ndinalephera mayeso oyeza bipi chaka changa choyamba kusukulu ya unamwino, ndipo aliyense anadziwa. Mphunzitsi wathu, Mayi Chikadza, anandichotsa chomvera m'makutu pamaso pa anzanga n'kunena kuti, "Yunisi, makutu akowa ndi okongoletsera mutu basi. Nambala zako zimangokwera ngati mtengo wa feteleza." Anzanga anafa nalo phwete. Nanenso ndinaseka nawo, koma mtima unali utapsa.

Titatsekera mu Disembala ndinabwereka makina akale kwa mnzanga Sharon, aja opopa ndi dzanja, okhala ndi lamba womanga pamkono ndi kawotchi ka muvi. Ndinafika nawo kwathu ku Mtakataka nditalumbira kuti pobwereza mayeso mu Januwale, Mayi Chikadza adzachita manyazi.

Ndinkayeza aliyense woponda pakhomo pathu. Mng'ono wanga Idah anatopa nane pasanathe sabata. Bambo wogulitsa usipa panjinga anayamba kulambalala nyumba yathu. Amene sanatope ndi amayi. M'mawa uliwonse, asanapite kukaokera mpunga kudambo, ankakhala pachitsa pansi pa bwemba n'kutambasula mkono wamanzere.

"Bwerani adokotala," ankatero. "Koma changu, dzuwa la kuno silidikira munthu."

Tsiku loyamba ndinamanga lamba, n'kupopa, n'kumatulutsa mpweya pang'onopang'ono khutu lili tcheru. Kugunda kunayamba kumveka muvi uli pa 190. Ndinabwereza, n'kupeza 192. Munthu wabwinobwino amakhala cha m'ma 120. Ndinavula chomvera chija mwaukali.

"Walakwanso?" anafunsa amayi.

"Ndalakwanso. Ndi nambala imeneyi munthu sangamalime."

"Usakwiye, mwana'nga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mawa mkono ulipo womwewu."

Ndinali ndi kope lolembamo zonse. Idah 118, ndinkachonga. Amayi 190, ndinkathetha ndi cholembera chofiira, mmene amachitira Mayi Chikadza. Zifukwa sindinkasowa ayi. Lero ndinkati lamba wawachepera chifukwa mkono wawo ndi waukulu, mawa nkhuku zandisokosera, mkuja makutu anga omwe aja. Sindinafunse ngakhale kamodzi kuti bwanji makutuwa akulakwa pa munthu mmodzi yekha.

Ndipo amayi ankadandaula mutu, makamaka kunkhongo. Tinkati ndi dzuwa komanso kuwerama m'matope tsiku lonse. Ine, wophunzira unamwino, makina ali m'manja, ndinkawagulira panado pa okala. Zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero, ndipo ndilibe wina womukalipira.

Patapita masabata atatu, Lachiwiri dzuwa litangokwera, a Maness, omwe munda wawo unagundana ndi wathu, anafika akuthamanga, matope mpaka m'mawondo.

"Yunisi! Amayi ako agwa kudambo! Sakuyankhula!"

Tinawapeza atawagoneka pamzere, pakamwa patapotoka. Mkono wamanzere uja unali lende, ndikaunyamula unkangogwa. Tinapeza galimoto pamsewu n'kuthamangira nawo kuchipatala ku Mua.

Namwino amene anatilandira anawamanga lamba wa makina amagetsi, osafuna khutu la munthu. Ndinaima kumbuyo kwake ndikuyang'ana nambala zikuthamanga. Zinaima pa 196.

"Iyi ndi sitiroko, bipi yawo yakwera kwambiri," anatero. "Matendawa akadziwika msanga, mankhwala ake alipo. Anayamba ayezetsapo mayiwa?"

Anayankha ndi Idah, mosaganiza choipa chilichonse, mwina n'kunyadira komwe.

"Tsiku lililonse. Amawayeza achemwaliwa."

Namwino uja anandiyang'ana kamodzi, n'kupitiriza ntchito yake. Bola akanandilalatira.

Amayi anakhala masiku anayi osayankhula, tsiku lotsatira anatisiya. Titaika maliro ndinatsegula kope lija. Masiku makumi awiri, nambala makumi awiri zothetha ndi inki yofiira, ndipo panalibe ngakhale imodzi yolakwa.

Sindinkafuna kubwerera kusukulu. Anandikakamiza ndi malume, amvekere mayi ako sanaweramire mpunga zaka zonsezi kuti iwe ukhale pakhomo.

Tsiku la mayeso Mayi Chikadza anabweretsa chomvera cha anthu awiri, kuti chimene ndikumva ine nawonso achimve. Ndinamanga lamba pamkono wa Sharon. Ndinapopa, kutulutsa mpweya, kumvetsera.

"Wapeza zingati?"

"124 pa 80."

"Ndendende." Anandiuza kuti ndibwereze pa wophunzira wina, ndipo tinafanananso. Anachonga papepala akumwetulira. "Waona kulimbikira? Makutu aja atseguka tsopano. Unkayeserera pa ndani kutchuthi?"

"Pa amayi anga."

"Ndi mayi abwino amenewo," anatero Mayi Chikadza, akuitana wotsatira. "Ukapita kumudzi ukawathokoze."