Buledi Amene Ankadwalitsa Maud

Ndinali kuchitsime, ndikuchapa nsalu za Maud kachitatu tsiku limenelo, pamene ba Rhoda, anzanga oyandikana nawo nyumba, anafika ali wefuwefu.

"Bamake Christine, siyani vochapa! Mwana wagwa pakhomo, miyendo yakana."

Sindinafunse zambiri. Zimenezi ndinali nditazionapo kale. Christine, mwana wanga woyamba, anayamba chimodzimodzi: kutsegula m'mimba kosatha, mimba yotupa, miyendo ngati timitengo. Tinamuika m'manda ali ndi zaka zinayi. Anthu a muno mu komboni ya Kalingalinga amandiitanabe ndi dzina lake, ndipo ndimayankha. Chaka chimenecho, 1958, Maud naye anali ndi zaka zinayi.

Amuna anga, a Dyton, ndi khukhi kumayadi. Amayenda wapansi kukaphikira azungu, pobwera amatenga zotsala: buledi, masikono, nthawi zina keke. Nyumba yathu inkadziwika kuti mumadyedwa buledi tsiku lililonse, ndipo tinkanyada nazo. Mwana akadwala umampatsa chabwino koposa. Choncho ndinkanyika buledi mu tiyi n'kumamudyetsa Maud ndi supuni. Akafooka kwambiri, ndinkawonjezera buledi.

Kukiliniki anatitumiza kuchipatala chachikulu. Anapima magazi, anapima chimbudzi, sanapeze malungo kapena njoka zam'mimba. Kenako nesi wina wa ku Fort Jameson, ba Sophia, anakhala nane pabenchi.

"Amayi, mwanayu amadya chiyani kunyumba?"

"Sitimumana ayi," ndinayankha mokwiya. "Amadya buledi m'mawa ndi madzulo."

"Si kumana kumene ndikufunsa. Adokotala akuti timuyese, asalawe chilichonse cha fulawa. Pali ana ena, si ambiri, amene matumbo awo amadana ndi tirigu. Mwana amadya ndithu, koma chakudya chimangodutsa, thupi silitolapo kanthu."

Kenako ndinawauza za Christine.

"Ameneyo sindinamuone, sindinganene," anatero ba Sophia. "Koma matendawa nthawi zina amayenda pachibale. Musadziweruze. Madokotala omwe azindikira zimenezi posachedwapa."

Ndinatuluka n'kukakhala kuseri kwa wodi. Tsiku lomaliza la Christine ndinamudyetsa buledi ndi manja angawa, ndikumunyengerera kuti ameze.

Milungu itatu m'chipatalamo Maud anadya phala, nthochi, mpunga, mazira ndi nyemba. Kutsegula kunachepa, anayamba kuyenda atagwira bedi. Potitulutsa, ba Sophia anandiwerengera pa zala: buledi, mabanzi, masikono, mabisiketi, makaroni, ndi msuzi wolimbitsa ndi fulawa, zonsezi ayi. Chimanga, mapira, mawere, mpunga, chinangwa, mbatata, mtedza, zonsezi adye.

"Sefa ikhale yakeyake. Mafuta okazingira vitumbuwa vya fulawa musamukazingire. Ndipo si za mwezi umodzi, n'za moyo wake wonse."

A Dyton atamva anaseka.

"Azungu amadya buledi tsiku ndi tsiku, onani mmene ananenepera. Ana a dona wa kuntchito kwanga ali ndi masaya ngati maungu. Buledi angaphe munthu?"

"Atate ake Christine, ine ndatopa. Buledi asalowe m'kamwa mwa mwanayu, basi."

Anagwedeza mutu, ine n'kuyesa amva. Koma Maud ankawadikira panjira madzulo, n'kumalira, "Atate, buledi!" Patangopita sabata, m'mimba munayambanso. Ndinatsuka miphika yonse, ndinasintha sefa, ndinakalipira ba Rhoda kuti mwina ana awo amamugawira. Lamlungu, pokonza jekete la a Dyton lopitira kutchalitchi, ndinapeza nyenyeswa za sikono m'thumba.

Sindinakuwe. Ndinatenga beseni la nsalu zoipitsidwa n'kuliika pamapazi pawo, iwo atavala kale nsapato.

"Chapani."

"Mwapenga kodi, amake Christine? Anthu akuona."

"Aone. Mumamupatsa kuseri kwa nyumba, ine n'kumachapa. Lero chapani nokha, mumve fungo lake. Mukatha, mupite mukauze akalipentala aja anakhoma bokosi la Christine ayeze lina. Muyezo akuudziwa kale."

Anakhala pampando. Maud anali gone pamphasa, maso okha akuyenda. A Dyton anamuyang'ana nthawi yaitali, misozi n'kuyamba kutsika. Chiikireni Christine sindinawaonepo akulira.

"Ine ndilibe china chobweretsera ana anga," anatero. "Chimenechi chokha."

Ba Rhoda anali ataima pampanda. Sachita manyazi amayi amenewo.

"Ba Dyton, imwe ni khukhi olo ni wonyamula chabe votsala? Zaka vingati muphikira ana a azungu? Phikilani wanu!"

Tsiku limenelo kutchalitchi sitinapite. A Dyton anavula jekete, anasamba m'manja kawiri. Anakanya nthochi zitatu zakupsa, anathira makapu awiri a ufa wa mgaiwa, dzira limodzi, shuga, kamchere, soda pang'ono ndi mkaka wosasa. Anapaka mafuta m'poto, makala pansi, makala pachivundikiro. Chikondamoyo choyamba chinapserera. Chachiwiri Maud anadya kachidutswa, n'kupempha kena.

Kuyambira pamenepo akabwera kuntchito amasintha malaya ndi kusamba asanamugwire mwana, chifukwa amakhala atayera ndi fulawa. Zotsala za kumayadi amapatsa ba Rhoda, poti ana awo sadwala nazo. Ine ndimaphika futali wa mbatata ndi nsinjiro, chinangwa chokazinga, chiwawa chotendera, ndiye masamba a maungu aja, mpunga wa nyemba. Msuzi ndimalimbitsa ndi ufa wa chinangwa. Za tiyi ndimakazinga zitumbuwa za nthochi ndi ufa wa chimanga m'mafuta atsopano. Ntchito yachuluka, sindinama.

Patatha miyezi inayi, sikelo ya kukiliniki inaonetsa kuti Maud wakwera. Tsopano amathamanga mpaka kuchitsime, ndimachita kumukalipira. Wakwanitsa zaka zisanu. Mkulu wake sanafikepo pamenepo.

Amayi anzanga, mwana akamatsegula m'mimba kosatha, mimba n'kutupa, thupi n'kumatha, pitani naye kuchipatala msanga, ndipo mukanene zonse zimene amadya. Musamusiyitse zakudya mwa nzeru zanu. Koma akakuuzani kuti ndi tirigu, musiyitseni kotheratu, ndipo aliyense wa pakhomo amve, makamaka amene amamukonda kwambiri. Kachidutswa kopatsa mwachifundo n'kokwanira kumugonekanso. Chakudya chathu chomwechi cha kumunda chimalera mwana.

Ndalankhula zokwanira. Beseni likundidikira kuchitsime, ndipo dzuwa lapendeka kale. Koma lero muli madilesi a fumbi okhaokha.