Cholembedwa pa Thabwa

"Ine choyamba ndi galimoto," anatero Magalasi akuuzira tiyi wake. "Osati imodzi ayi, ziwiri. Ina yopitira kutchalitchi, inayo yopitira kumene mayi akunyumba sayenera kudziwa."

"Linda madzi apite ndiye uziti ndadala," Sikweya anayankha, maso ali pa pensulo yomwe ankasongola ndi tchizulo.

Amuna awiriwa ankagwira ntchito moyandikana, khoma la malata lokha ndilo linkawalekanitsa. Magalasi ankawotcherera zitsulo, ndipo dzinalo linachokera ku magalasi akuda omwe sankachoka pamphumi pake ngakhale pakudya. Sikweya anali kalipentala, munthu wosayankha funso asanaliyeze mbali zonse zinayi. Lolemba limenelo anali atasonkherana n'kugula tikiti imodzi ya lotale, chifukwa panali patadutsa milungu isanu ndi iwiri popanda wopambana ndipo ndalamazo zinali zitakwera mpaka mamiliyoni oti munthu sangawatchule osameza malovu. Manambala ankayembekezeka Loweruka masana.

"Nanga iwe, theka lakolo?" Magalasi anafunsa. "Usandiuze kuti ugula misomali."

Sikweya anatola chidutswa cha paini pansi pa benchi, n'kuchipukuta utuchi, n'kuyamba kujambula. Sankatha kuganiza popanda pensulo, komanso sankatha kujambula mzere popanda kuulembera muyeso wake. Nyumba inayamba kuoneka pathabwapo: chipinda chawo ndi akazi ake, zipinda ziwiri za ana, khitchini yokhala ndi windo loyang'ana kum'mawa, khonde lalitali.

"Nanga shopu ili pati?"

"Palibe shopu," anatero Sikweya. Mawuwo anamudabwitsa mwini wake mmene anatulukira mopepuka. "Zaka makumi awiri ndi zinayi ndikumeza utuchi. Msanawu unatha kale. Ndidzagulitsa zonse, ndi benchi yomwe."

Analemba pakona: Shopu, kugulitsa.

"Ndiye mdala?"

Sikweya anayang'ana kampando kopanda munthu pafupi ndi chitseko. Bambo ake ankabwera kushopuko cha m'ma thu koloko, dzuwa likapendeka. Anajambula kanyumba kumbuyo kwa nyumba yaikuluyo, mamita atatu uku, atatu uku, n'kulembamo: Bambo.

"Akapume. Mpando wofewa, wailesi, ndi munthu wowasamalira."

"Wawamangira khola la nkhunda," Magalasi anaseka. "Komabe zili bwino. Ine apongozi anga ndidzawagulira tikiti ya basi yopita kokha."

Nthawi yomweyo panafika mayi wina wodzafunsa za kabati yake. Sikweya anaponya chidutswacho pamulu wa zinzake n'kuiwala.

Amene anayambitsa shopuyo ndi bambo akewo. Ndiwo anamuphunzitsa kugwira sowo ali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo anamuphunzitsanso lamulo limodzi lomwe ankalibwereza ngati pemphero: pepala ndi la maganizo, thabwa ndi la ntchito. Cholembedwa pa thabwa chimadulidwa. Ukalemba molakwa, usafufute ndi chala kapena kukhwatcha, tenga puleni upale, kuti wobwera pambuyo pako asadule bodza.

Zaka zitatu zapitazo manja a mdalayo anayamba kunjenjemera, sowo n'kuyamba kuthawa mzere. Ntchito yomwe inawatsalira inali yosankha zidutswa: zogwirabe ntchito m'katoni, zankhuni m'thumba. Koma maso anali akadali akuthwa. Chidutswa chilichonse ankachitembenuza, kuwerenga miyeso ya mwana wawo, ndipo akapeza cholakwika ankachinena pomwepo, kaya pali kasitomala kaya palibe.

Lachiwiri mdalayo sanabwere kushopu. Lachitatu chimodzimodzi. Sikweya anaganiza kuti ndi maondo aja, ndipo, kunena zoona, masiku awiriwo anagwira ntchito momasuka ngati munthu wovula nsapato yothina.

Lachinayi ataweruka anapeza akazi ake akuanula zovala kuseri kwa nyumba. Sanamulonjere monga mwa masiku onse.

"Bambo andipempha kuti ndiwatsitsire sutikesi yawo ija," anatero mayiwo akupinda shati. "Aimbiranso alamu anga, achemwali anu, kuti adzawatenge Lamulungu. Akuti akakhala kumeneko."

"Kukacheza?"

"Munthu wokacheza satenga puleni. Aikulunga m'thaulo langa latsopano."

Kwa achemwali a Sikweya kunali kutali, ulendo wa tsiku lonse, nyumba yosanja yopanda ngakhale bwalo loti munthu n'kukhomerapo msomali.

"Mwayambana nawo?" anafunsa Sikweya.

"Ine?" Mayiwo anapisa m'basiketi ya zovala n'kutulutsa chidutswa cha paini chija. "Ndachipeza pansi pa pilo wawo poyala. Zolemba izi ndi zanga?"

"Zimenezi ndi zocheza. Timangolota ndi Magalasi za lotale."

"Ndaona. Khitchini yanga mwaiika bwino, zikomo." Anamupatsira thabwalo m'manja. "Koma munakula nawo ndinu. Mukudziwa mmene amawerengera thabwa."

Anawapeza bambo ake m'chipinda chawo atakhala pabedi, sutikesi ili yasa pafupi nawo. Munali mashati anayi, jekete, botolo la mankhwala, ndi chithunzi cha malemu mayi ake. Puleni inali pamiyendo pawo.

"Bambo, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera."

"Ndamva za ulendo."

"Eya. Mchemwali wako wakhala akundiitana kuyambira kale."

Sikweya anakhala pampando n'kuika chidutswacho pabedi pakati pawo.

"Izi musazitengere kumtima. Ndalamazo kulibe. Ndi kapepala chabe kali m'thumba mwa Magalasi. Timangocheza pa tiyi."

Mdalayo anatenga thabwalo n'kuliyandikiza kumaso.

"Munthu wocheza salemba miyeso," anatero mofatsa. "Taona, khoma walipatsa makulidwe ake. Chitseko cha kanyumba kangaka chikutsekukira m'kati, ndipo wachiyang'anitsa kumpanda, osati kunyumba yaikulu. Sunalakwitse paliponse. Ndinafunafuna cholakwika kuti mwina mtima ukhale pansi, sindinachipeze. Ndi ntchito yabwino kuposa makabati ako."

"Ndimafuna kuti mupume, Bambo."

"Wopuma ndi amene watopa. Unandifunsa ngati ndatopa?"

Sikweya anayang'ana thabwa lomwe linali m'manja mwa bambo ake. Anakumbukira kupepuka kwa masiku awiri aja. Anakumbukira mwezi watha, pamene bambo ake ananena pamaso pa mphunzitsi wina wodzatenga tebulo kuti mwendo umodzi ndi waufupi, ndipo mphunzitsiyo anachoka osalipira mpaka sabata inayo. Dzanja lake silinaname pathabwapo.

"Sindikukwiya," anapitiriza mdalayo. "Ndalama imeneyi sinafike, koma yagwira kale ntchito. Yandiuza zomwe unkaopa kundiuza. Ukapambana undiika kumbuyo, ukapanda kupambana undisunga chifukwa chosowa pondiika. Zonse ziwirizi sindikuzifuna. Bola ndichoke ndi miyendo yanga."

Lachisanu Sikweya anadula thabwa limodzi mofupikitsa, chinthu chomwe anali asanachite kwa zaka. Panalibe womuuza. Anachiona yekha atakhoma kale.

Magalasi anasuzumira pakhoma.

"Achimwene, mwasintha nkhope ngati tapambana kale ndipo achibale amva. Ndasintha maganizo, galimoto yachiwiri ija ikhale boti."

"Mdala akuchoka."

Atamva nkhani yonse, Magalasi anatsitsa magalasi ake n'kuwakwezanso.

"Aaa, n'zosavuta izo. Dikira mawa. Tikagwa, uwauze kuti onani, zinali nthabwala. Tikapambana, uwamangire chipinda chapakati penipeni, cha matailosi. Ndalama imatseka pakamwa aliyense."

Madzulo Sikweya anawafotokozera akazi ake nzeru imeneyi ali kukhitchini. Mayiwo anasiya kudula anyezi.

"Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo," anatero. "Mukadikira manambala, chilichonse mudzanene sichidzakhala chanu. Mukadzagwa adzati mukuwanyengerera poti loto lafa. Mukadzapambana adzati ikulankhula ndi ndalama. Ngati muli ndi mawu, muwanene tikiti ikadali yamoyo."



Loweruka m'mawa Sikweya anagogoda pachitseko cha bambo ake.

"Bambo, pali thabwa lalembedwa molakwa kushopu. Ndikupempha mukandipalire musanapite."

Mdalayo anamuyang'ana, n'kuyang'ana manja ake onjenjemera, n'kuyang'ananso mwana wake. Kenako anavala jekete n'kunyamula puleni ija ndi thaulo lake lomwe.

Kushopu Sikweya anapana chidutswacho pabenchi. Asanachoke pamenepo anayamba kulankhula, maso ali pansi.

"Munanena zoona, sizinali zocheza zokha. Ndatopa. Msana umandiwawa, ndipo mukandidzudzula pamaso pa makasitomala ndimasanduka kamwana ka zaka khumi ndi zinayi, chonsecho imvi zayamba. Ndinkafuna malo oti ndizilakwitsa popanda wondiona. Dzulo ndalakwitsa popanda wondiona. Thabwa lathunthu lapita. Sizinakome ayi."

"Lija lili apolo?" mdalayo analoza ndi chibwano. "Ndaliona polowa."

"Manambala atuluka masana ano. Kaya tipambana kaya tigwa, shopu sindigulitsa muli moyo, ndipo kumbuyo simupita. Ndikunena tsopano ndisanadziwe."

Mdalayo anamasula thaulo pang'onopang'ono. Anaika puleni pathabwa, koma inagwedezeka ndi kuphonya. Anayesanso. Sikweya anagwira chogwirira chakutsogolo, bambo ake akukankha kumbuyo, monga mmene ankachitira kalekale, kungoti nthawi imeneyo wakutsogolo anali bamboyo. Kachipalo kopyapyala kanapotana n'kugwa, katanyamula mawu aja a kugulitsa shopu. Kachiwiri kanachotsa kanyumba kakumbuyo.

Sikweya anasuntha puleni kuti apale nyumba yonse, koma mdalayo anaiimitsa.

"Isiye imeneyo. Khitchini ya apongozi anga yakulakwira chiyani? Munthu amaloledwa kulota. Kungoti uzilotera papepala."

Anatambasula dzanja, Sikweya n'kuwapatsa pensulo. Pamalo oyera paja mdalayo anajambula mizere yokhotakhota, koma manambala ake ankawerengeka: mpando wautali, wa miyendo inayi, wokhala ndi popondera.

"Kampando kapachitseko kaja n'kafupi," anatero. "Ndikakhala pamenepo sindiona pabenchi, n'chifukwa chake ndimaona zolakwa zako mochedwa, kasitomala atafika kale. Undiike apa, kumapeto kwa benchi, ndiziona usanadule."

"Ndipo pakakhala anthu?"

Mdalayo anaganiza kaye.

"Pakakhala anthu ndizikhosomola."

"Nanga achemwali?"

"Uwaimbire ndiwe. Ndiwe unayambitsa. Uwauze kuti ndidzabwera kudzacheza mvula ikatha, popanda puleni."

Sikweya anasankha matabwa m'katoni ya zidutswa zabwino, zomwe bambo ake anazipatula okha sabata yatha. Anayeza miyendo inayi, n'kulemba. Dzuwa linali litafika pamutu pamene wailesi ya Magalasi inakwezedwa kuseri kwa khoma.

"Sikweya, ayamba!" Magalasi anakuwa. "Bwera kuno ndi mtima wako. Yoyamba yathu imeneyo, seveni!"

"Undiuza akamaliza," Sikweya anayankha. "Ndili pa ntchito."

Patapita kanthawi wailesi inatsitsidwa. Kunamveka chitsulo chikuponyedwa pansi, kenako mawu a Magalasi akuuza khoma kuti boti lake lamira lisanafike pamadzi.

Sikweya anaika sikweya yake yoyezera makona pa mwendo woyamba, n'kukhazika sowo pamzere. Asanakoke, kumbuyo kwake kunamveka kachifuwa kouma, kamodzi kokha.

Anayang'ana uku ndi uku. Mushopumo munalibe kasitomala aliyense.

"Ndikuyeserera," anatero bambo ake. "Komabe yezanso."

Sikweya anachotsa sowo n'kutenga tepi.