Khadi la Pansi pa Mulu

"Inu alembi, mwana wanga mwamubera katemera ine ndikuona."

Ananena izi ndi mayi wosoka zovala, ataima pa tebulo la pakhonde la chipatala, mwana wake wamkazi atamugwira siketi. Mwanayo anali wa mphumu. Chaka chatha chimfine chinamugoneka sabata ziwiri, akupuma ngati wezulo wong'aluka. Ndiye atamva kuti katemera wa chimfine wa ana wafika, mayiyo anafunditsa makina ake nsalu n'kulawirira. Anapeza wokolopa yekha, akupukuta tebulo. Khadi lake ndilo linayamba kugona pamenepo.

Tsoka linali lomwelo. Aliyense wobwera ankasanjika khadi lake pamwamba pa la mnzake. Mlembi anafika mochedwa, maso ali pafoni, ndipo muluwo sanautembenuze. Anangoyamba kutola pamwamba. Woyamba kuitanidwa anakhala mayi wa nsapato za gogoda, amene galimoto yake inali isanazizire n'komwe.

"Khalani pansi, mayi," anatero mlembi, osadzutsa mutu. "Tikuitana mwadongosolo."

"Dongosolo lake limenelo? Kwanuko nyumba mumayamba ndi denga? Sukulu yonse ija munangopitira kukatha nsapato."

Pabenchi ena anaseka chobisa kukamwa, koma womuikira kumbuyo panalibe. Akanatero ndani, poti makadi awo anali pamwamba? Ochedwa onse lero anali anthu aulemu, odziwa kudikira.

Namwino anasuzumira pakhomo. "Katemera watsala mmodzi. Enanu mudzabwere mwezi wamawa, wina akafika."

Mwezi wamawa, mphepo yozizira italowa kale m'nyumba. Mayiyo anamva kachifuwa ka mwana kakulira pa ntchafu yake.

Mlembi ananyambita chala kuti atole khadi lotsatira, la pamwamba pomwepo. Mayiyo anaupsinja muluwo ndi chikhatho n'kusolola lake pansi. Khadilo kumsana kwake linali lonyowabe ndi madzi a wokolopa uja, inki itayenderera.

Sanataye nthawi ndi mlembi. Analunjika kwa namwino, khadi lili m'mwamba.

"Anesi, taligwirani. Mulu wonsewu lonyowa ndi ili lokha, ndipo amene anapukuta tebulo ndi uyo waima ndi ndowayo, mufunseni. Tsopano mundiuze pamaso pa anthu onsewa: anayamba kufika pano ndani? Nanga jakisoni watsalayo mubaya mwana wa yani? Yankhani, pakhomo pano sindisuntha."