Thanga Lopanda Mimba

Mu Lusaka mulibe nyanja. Ndiye tsiku limene ba Oswell anaimika galimoto pakhomo pa shopu yathu yosokera ku Kabwata n'kutsitsa chinsalu choyera chodzaza khonde lonse, ndinaganiza kuti akufuna makatani a tchalitchi. Ayi ndithu, linali thanga la boti lawo, nsalu ija imakola mphepo kuti boti liyende popanda injini. Botilo limagona pangolo kuseri kwa nyumba yawo ku Woodlands, ndipo kamodzikamodzi amalikoka ndi galimoto kupita nalo kunyanja ku Siavonga.

"Ba Hemedi, muli shani?" anapereka moni kwa bambo anga. "Iyi sail yasila. Zuba inaidya, makoswe yanasilizila. Nabwela na material ya new, ikwana imozi chabe. Mukope vamene vili apa, osachinja kalikonse."

"Zaka makumi anayi ndili pa makina," Ababa anayankha. "Nsalu ndi nsalu."

Panali patatha miyezi isanu Ababa asanapatsidwe ntchito yooneka. Chiyambire pamene anasoka mkanjo wa mnzawo wa kumzikiti, msoko wake n'kuyenda mokhotakhota kuchoka kukhwapa mpaka kumapazi, makasitomala ankalowa, n'kuwapatsa moni waulemu, kenako n'kundinong'oneza kuti, "Ba Ramla, musoke ndimwe." Ababa ankamva, makutu awo ndi akuthwa. Ankadzudzula magetsi, singano za masiku ano, ulusi wa kumsika wa Kamwala, ngakhale mpando. Maso awo okha ndiwo analibe mlandu, ndipo ine mwana wawo ndikangoyerekeza kutchula za kuchipatala, tsiku limenelo tinkaweruka osalankhulana.

Ba Oswell atangochoka ndinati, "Ababa, ntchito iyi ndi yolemetsa. Ndisiyireni."

"Iyi ndi yanga," anatero. "Anthu aone ngati dzanja langa lakhota."

Tinayala thanga lakale pansi n'kulimasula kuti tidulire pamenepo. Linatuluka zidutswa zisanu ndi ziwiri, ndipo chilichonse m'mbali mwake munali mopindika pang'ono ngati uta. Ababa anayendetsa chala m'mphepete mwa chidutswa chimodzi n'kuseka chapansipansi.

"Amene anadula uyu sanaphunzire utelala. Taona kukhota kwake."

"Ababa, zonse zakhota mofanana. Munthu salakwitsa kasanu ndi kawiri mofanana. Mwina ndi dala. Tiwaimbire eni ake."

"Ndifunse munthu wa mu ofesi kadulidwe ka nsalu? Iwe, ndipatse choko."

Ndinawapatsa chokocho. Anatenga thabwa lawo lalitali loyezera, n'kulemba mizere yowongoka, n'kudula nsalu ya eni yosagulika mu Lusaka muno ngati akudula yunifolomu ya sukulu. Foni inali m'thumba mwanga nthawi yonseyo. Sindinaimbe, chifukwa ndikanaimba akanadziwa kuti nanenso ndalowa m'gulu la onong'ona aja.

Anasoka masiku anayi. Nkhope ili pafupi ndi singano, chala chachikulu chikutsogolera m'mphepete mwa nsalu, phazi likuponda pang'onopang'ono. Tiyi ankazizira pambali, mapemphero okha ndiwo ankawadzutsa pampando. Ndipo ndivomere, ngakhale ndinali nditakwiya: misoko imeneyo inali yokongola. Aliyense wolowa m'shopu ankaitanidwa kuti aione, ngakhale mayi wogulitsa mandasi amene sadziwa n'komwe kuti boti limaoneka bwanji.

Loweruka ba Oswell anatitenga kupita ku Woodlands kuti tikaliyese. Inali mphepo ya Ogasiti, fumbi lili koboo mumsewu. Anaimika mlongoti paboti, ngolo ili pompo pa kapinga, n'kukoka chingwe. Thanga linakwera bwinobwino mpaka pamwamba. Ababa anaika manja kumbuyo, akudikira kuyamikiridwa.

Ba Oswell anakoka chingwe china, n'kuchimasula, n'kuchikokanso. Anazungulira boti kawiri. Thangalo linangoti gwa ngati chitseko, mphepo ikakula n'kumangokupiza m'mphepete.

"Ba Hemedi, mimba ili kuti?"

"Mimba yanji?"

"Sail ifunika mimba! Mphepo ikangena ifunika ipeze pokhala, ndiye ikoka boti. Vija vokhota ndiye vimapanga mimba mukavilumikiza. Manje iyi ni bedsheet. Na iyi nizankala chabe pakati pa manzi, bantu baziniseka."

Ndinafuna kukuwa. Ndinafuna kufunsa ba Oswell kuti pakamwa pawo panali chiyani tsiku lija kuti alephere kunena mawu awiri amenewa, m'malo mongoti osachinja kalikonse ngati akulankhula ndi makina. Ndinafunanso kutembenukira Ababa n'kunena kuti ndinanena ine. Zonse ziwiri ndinameza.

Ababa anayandikira, n'kugwira msoko wa pansi. "Koma msokowu wakhota?"

"Awe, msoko ni straight too much. Ndiye problem yamene iyo." Kenako anatembenukira kwa ine. "Ba Ramla, material ina kulibe. Ingakonzeke?"

Ndinati ingakonzeke. Timasule misoko yonse, tibwezere kupindika kuja potsatira zidutswa zakale, thanga lichepa pang'ono koma mimba ibwera.

"Chabwino. Koma musoke ndimwe."

Sananong'one n'komwe. Ananena mokweza, Ababa ali chiimire pomwepo.

Titafika kushopu dzuwa linali lidakali pamutu. Ndinatenga lezala kuti ndiyambe kumasula, koma Ababa anandilanda.

"Ndasoka ndine, ndimasula ndine."

Anakokera mpando pakhomo pomwe pali kuwala kwambiri, n'kuika nsalu pamaondo. Anaiyandikiza kumaso, n'kuitalikitsa, n'kuipendeketsa. Chala chinapeza msoko, koma lezala linkangoyendayenda pamwamba pake, likufunafuna polowera. Ndinaima kumbuyo kwawo ndikuwerenga masiku otsala, chifukwa ba Oswell ankafuna thanga lawo Lachisanu ndipo ine ndinali ndi madiresi atatu a ukwati ondidikira. Kenako ndinaona nsonga ya lezala ikulowa m'nsalu yeniyeniyo, chala chimodzi kutali ndi ulusi.

"Ababa, mung'amba nsalu ya eni! Simunaononge mokwanira?"

Mawuwo anatuluka ndisanawagwire. Mayi wa mandasi, amene ankadutsa, anayang'ana kumbali n'kufulumira.

Ababa sanandikalipire. Anaika lezala pansi pa mpando mosamala, n'kukhala kanthawi akusisita nsalu ija.

"Ramla," anatero, osanditembenukira, "ulusi woyera pa nsalu yoyera sindikuuona. Wakudanso sindiuona. Chiyambire chaka chatha ndimasoka ndi chala."

Miyezi isanu ndinakhala ndikudikira kuti adzanene zimenezi, ndipo zoyankha ndinali nditakonzeratu, zambirimbiri, zina zaukali. Koma ndinangotola lezala, n'kukhala pansi pambali pa mpando wawo, n'kuyamba kudula ulusi wa msoko wowongoka kuposa yonse imene ndinaonapo. Iwo anandigwirira nsonga ya thanga kuti isakhudze fumbi.